Chithunzi chinatuluka choyera, koma achimwene ankatsamwa phala

Envulopu ija ndikadali nayo. Ndi yaikulu, yabulauni, yosalowa m'chikwama chilichonse, choncho imakhala kuseri kwa wodilopu limodzi ndi masatifiketi anga akale. M'kati mwake muli zithunzi za ubongo wa achimwene anga ndi kapepala ka mizere inayi ka m'Chingerezi. Mzere womaliza umati sanapeze vuto lililonse. Kwa masiku atatu ndinayenda nayo envulopu imeneyi ngati munthu amene wawina mlandu kukhoti, aliyense wofunsa za odwala ndikumutambasulira. Masiku atatu omwewo achimwene anali ndi sitiroko, ndipo ine ndinkawamwetsa phala.

Achimwene ndi kalipentala. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 47. Fodya sankasuta, mowa ankangolawa pa Khirisimasi. Anauzidwapo kamodzi kuti BP yawo ndi yokwera, mankhwala anamwa mwezi umodzi n'kusiya, ati sakumva kupweteka paliponse. Sabata imeneyo, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ankakhoma siling'i m'nyumba ina yatsopano. Amene anaionapo ntchitoyi akuidziwa: tsiku lonse munthu ali pamakwerero, mutu chagada, maso kudenga. Lachiwiri anayamba kudandaula khosi, mbali ya kumanzere cha kunkhongo. Alamu anawathowa ndi madzi otentha, tonse tinati ndi kutopa. Lachinayi cha m'ma 6 koloko madzulo, akusamba m'manja kuti adye, anangoti "mayo ine!" n'kugwira kunkhongo.

Atafunsidwa, anati zili ngati wina wawamenya ndi hamala. Kalipentala akatchula hamala amadziwa chimene akunena. Koma kwathu kuno mawu amenewa ali ndi tanthauzo lina, ndipo amalume anawasunga.

Alamu atandiimbira ndinathamanga pa kabaza. Ndinawapeza achimwene atagona pasimenti, atagwiritsitsa mwendo wa tebulo, akuti nyumba ikuzungulira. Anali atasanza kawiri. Tinayesa kuwaimiritsa, anangopendekera kumanzere ngati thumba la chimanga lotsamiritsidwa molakwika. Koma mkono anakweza, mwendo anakweza, pakamwa sipanakhote. Ndinati andifinye dzanja, anandifinya mpaka mphete kundilowa m'chala. Ine ndine mphunzitsi, ndipo zizindikiro zitatu za sitiroko zimene amalengeza pa wailesi ndinkazidziwa pamtima: kukhota kwa nkhope, kufooka kwa mkono, kusokonekera kwa malankhulidwe. Ndinaziyesa zonse pomwepo, kenako ndinatembenukira kwa alamu n'kunena ndi mtima wonse kuti, "Alamu, musaope, si sitiroko iyi."

Pa kachipatala kapafupi usiku umenewo anayeza malungo, unatuluka mzere umodzi. BP inali 178/104. Anatipatsa panado, jakisoni woletsa kusanza, ndi kalata yoti m'mawa tikaonedwe kwina.

Pano ndikufuna ndilankhule mwachilungamo za adokotala amene tinawapeza Lachisanu lija, chifukwa kwa miyezi ingapo ndinawasungira mkwiyo umene sunali wawo wonse. Munthu akafika ndi mutu woyamba mwadzidzidzi, woti sanaumvepo chibadwire, khosi likupweteka, akusanza, dokotala aliyense amaganiza kaye za zinthu ziwiri zimene zimapha msanga. China ndi mtsempha wophulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo kapena mozungulira ubongo. China ndi matenda oumitsa khosi, amene m'zipatala zathu amawaona kawirikawiri, makamaka mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika. Choncho anayeza magazi, anayeza HIV, n'kulemba kuti akajambulidwe mutu ndi sikani ya CT. Mtengo wake unaposa malipiro anga a mwezi. Tinasonkha pa gulu la banja la pa WhatsApp, msuweni wathu wa ku Johannesburg n'kumalizitsa yotsalayo, ndipo pofika masana achimwene anali atalowa m'makina aja.

Magazi sanapezeke. Chotupa sichinapezeke. Adokotala anati atsala kuchotsa madzi a kumsana, ndipo mukudziwa mmene mawu amenewa amalandiridwira pabanja. Amayi analira, ati amene achotsedwa madzi sabwerera. Tinakangana pakhonde mpaka achimwene eni ake, maso ali chotseka, anati, "Asiyeni achotse." Madziwo anatuluka oyera ngati a pamjigo, ndipo ku labu sanapezemo kanthu.

Loweruka m'mawa anatitulutsa. M'buku la kuchipatala analembamo mutu waching'alang'ala, vuto la m'kati mwa khutu lobweretsa chizungulire, ndi BP. Anatipatsa mapiritsi a mitundu itatu. Achimwene anatuluka pa wilutcheya chifukwa kuyenda kunali dzandidzandi, koma ife tinali kuseka. Ndinajambula kapepala kaja n'kukatumiza pa gulu, anthu n'kumayankha ndi timanja topemphera.

Panali tinthu tina timene ndinationa koma sindinatitchule kwa aliyense. Chikope cha diso lakumanzere chinali chitagwa pang'ono, ngati munthu amene akuodzera mbali imodzi. Mawu anali atasasa. Akamwa tiyi ankakhosomola. Chilichonse ndinachipezera chifukwa chake: diso ndi kusowa tulo, mawu ndi kusanza kuja, chifuwa ndi fumbi la matabwa. Mutu uja unkakuwa kwambiri moti tina tonseti tinkangomveka ngati manong'onong'o, ndipo ndikukhulupirira kuti zinali chimodzimodzi kwa adokotala aja. Aliyense ankafunsa za mutu. Palibe anafunsa za tiyi.

Kunyumba kunayamba chidikhwidikhwi. Chinayamba Loweruka madzulo, osaleka. Tinayesa madzi, tinayesa shuga, tinayesa kuwadzidzimutsa, bedi lonse linkangogwedezeka usiku wonse.

Lamulungu amalume anafika kuchokera kumudzi. Anakhala pampando wa pakhonde, anapempha envulopu, anatulutsa zithunzi n'kuziyang'anitsa padzuwa, ngakhale kuti iwo ndi ine tonse sitikanasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ndiye anati, "Makina a azungu awa amaona chilichonse, eti? Nanga aona chiyani? Palibe. Munthu akulephera kuima, akuti wamenyedwa ndi hamala kunkhongo, makina akuti palibe. Mukufunanso umboni wanji? Izi ndi zakwathu." Anatchula nkhani ya malo a agogo imene inavuta chaka chatha, anatchulanso dzina la munthu. Anati galimoto ipezeke Lachiwiri, wodwala apite kumudzi.

Ine ndinakana mwamphamvu, ndipo ndinkadziona ngati wophunzira pakati pa anthu osazindikira. Koma taonani chimene ndinanena: "Malume, pepalali likuti mutu uli bwinobwino. Angofunika kupuma ndi kudya, mphamvu zibwerere." Lero ndikaganiza ndimachita manyazi. Ine ndi amalume tinkatsutsana, koma tonse tinaima pa pepala limodzi. Tonse tinakhulupirira kuti makina akapanda kuona kanthu ndiye kuti kuchipatala nkhani yatha. Iwo anaona ufiti, ine ndinaona kuchira. Wodwala anali chigonere m'chipinda, chidikhwidikhwi chikumveka mpaka pakhonde, ndipo palibe mwa ife anadzuka kukamuyang'ana.

Ndiye pofuna kuonetsa amalume kuti ndikunena zoona, ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lamadzimadzi kuti lisavute. Ndinawakhazika achimwene motsamira pilo n'kuyamba kuwamwetsa ndi supuni. Supuni yachitatu anatsamwa, phala lina n'kutulukira m'mphuno. Anakhosomola mpaka misozi. Anati, "Chemwali, sizikutsika." Ine ndinati, "Achimwene, limbani mtima, mukapanda kudya mankhwala akupwetekani." Ndinawamwetsa theka la kapu. Madzulo ndinabwerezanso, Lolemba m'mawa alamu anapitiriza monga ndinawalangizira.

Lolemba usiku thupi linatentha, kupuma kunali wefuwefu, pachifuwa pakumveka phokoso ngati madzi akubwata. Mnzathu woyandikana naye nyumba anatinyamula pa galimoto yake, ndipo ulendo uno tinapita kuchipatala china.

Amene anationa m'bandakucha anali dokotala wachitsikana, wamng'ono kwa ine ndithu, maso ofiira ndi tulo. Anamvetsera pachifuwa n'kunena kuti ndi chibayo. Ine ndinafulumira kumupatsa envulopu. Anawerenga kapepala kaja, anakabwezera, anaika envulopuyo pansi pa bedi. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atafunsapo: "Mayi, bambowa akamamwa madzi zimakhala bwanji?"

Zimene anachita kenako zinatenga mwina mphindi 15, ndipo zida zake zinali tochi ya pafoni, pini ya chitenje changa, ndi botolo la madzi ozizira limene namwino anakatenga mufiriji. Anazimitsa getsi la pafupi n'kuyang'ana m'maso. Anandiitana kuti ndione: kakuda ka pakati pa diso lakumanzere kanali kakang'ono poyerekeza ndi kakumanja, ndipo chikope chogwa chija chinali cha mbali yomweyo. Anawauza kuti atsatire chala chake ndi maso, uku ndi uku, iye ali tcheru kuonerera mmene masowo ankanjenjemera. Anaphimba diso limodzi ndi chikhatho, kenako linalo, mosinthanasinthana, ndipo nthawi iliyonse diso lovundukulidwalo linkasuntha pang'ono, lina kukwera, lina kutsika. Anati, "Bambo, tsegulani pakamwa, nenani kuti aaa." Kam'mero kanakokekera mbali imodzi. Anati akhudze mphuno yawo kenako chala chake. Dzanja lamanja linafika bwinobwino, lamanzere linkaphonya ngati la munthu woledzera, chonsecho mphamvu zinalimo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine mwambi umenewu ndawaphunzitsa ana a sitandade 6 kwa zaka zambiri, koma ndinauona ukuchitika usiku umenewo.

Kenako pini ija. Anabaya pang'ono tsaya lamanja, achimwene anati ikubaya. Tsaya lamanzere, anati akungomva kukhudza. Ndinaganiza kuti ndamvetsa: mbali yodwala ndi yamanzere. Koma atatsikira kumikono zinatembenuka. Mkono wamanzere unamva kubaya, wamanja ayi. Mwendo wamanja chimodzimodzi. Anaika botolo lozizira lija pamimba mbali yamanja, achimwene anati ndi lofunda. Atalisunthira kumanzere anadzidzimuka, "Ii, likuzizira!" Nkhope yafa dzanzi kumanzere, thupi kumanja. Amalume akanakhalapo akanati umboni wina ndi umenewu.

Dokotala uja anakhala pamphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Bambo, munachita sitiroko. Ndikuganiza kuti inachitika Lachinayi lomwe lija."

Ndinatsutsa. Ndinawerama n'kutenga envulopu pansi pa bedi. Iye sanakwiye. Anatenga buku la kuchipatala, kuseri kwake anajambula bowa. Chipewa cha bowayo, anati, ndi ubongo umene anthu ambiri amaudziwa, woganizira, wolankhulira, woyendetsa mikono ndi miyendo. Sitiroko ya kumeneko ndi imene imakhotetsa pakamwa n'kupha ziwalo mbali imodzi. Koma pansi pake pali tsinde, lalikulu ngati chala chachikulu cha kudzanja, lolumikiza ubongo ndi msana. Potembenukira kwa achimwene anati, "Inu mumamanga nyumba. Pali pamalo pamene mawaya onse a magetsi amakumana, si choncho? Pakapsa kachidutswa kakang'ono pamenepo, kuchipinda kuzima, kukhitchini kuzima, pabalaza n'kumayakabe." M'tsinde limeneli ndi mmene muli zoyendetsa kupuma, kugunda kwa mtima, kumeza, mawu, kayendedwe ka maso, ndi kuima mowongoka.

Zotsalazo ndinaziphunzira pang'onopang'ono, zina kwa iye masiku otsatira, zina powerenga pafoni usiku ndili gone pamphasa pafupi ndi bedi monga amachitira gadiyani aliyense. Magazi amakwera kumutu kudzera m'mitsempha inayi. Iwiri ili kutsogolo kwa khosi, imene mumaimva kugunda mukaika chala. Iwiri ina ili kumbuyo, ndipo imadutsa m'timabowo ta mafupa a khosi mpaka kulowa m'chigaza, kumene imakaphatikizana n'kukhala umodzi. Iwiri yakumbuyoyi ndi imene imadyetsa tsinde lija. Mwa masitiroko asanu obwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, pafupifupi imodzi imachitika kumbuyoku. Nthawi zina mtsempha umatsekeka chifukwa wawonongeka ndi BP, shuga kapena fodya kwa zaka zambiri. Nthawi zina khoma lake lam'kati limang'ambika, magazi n'kulowa m'ng'aluyo n'kuundana, ndipo izi zimachitika ngakhale kwa anthu a zaka 30 kapena 40, mwina atapotokola khosi kapena kulibweza kumbuyo kwambiri. Kung'ambika kumeneku kumapweteka. Ndiko kumabweretsa ululu wa khosi ndi kunkhongo, ndipo ululuwo umatha kutsogola ndi maola kapena masiku sitiroko isanafike. Ndinakumbukira Lachiwiri lija, alamu akuthowa khosi.

Za dzanzi lopingasa lija, mitsempha yomva ululu ndi kutentha kwa thupi imaoloka kupita mbali inayo ikadali kumsana, pamene ya nkhope imakhala isanaoloke ikamafika pamalo amenewa. Choncho bala limodzi la kumanzere limagwira nkhope yakumanzere ndi thupi lakumanja. Mitsempha ya mphamvu imadutsa chakutsogolo, kutali pang'ono ndi balalo. N'chifukwa chake anandifinya dzanja mpaka mphete kundilowa, ine n'kulengeza kuti si sitiroko.

Nanga makina aja? Sikani ya CT imagwiritsa ntchito cheza cha ekisire. Magazi okhuthuka amaoneka pomwepo, oyera mbee, ndipo pa ntchito imeneyi makinawa ndi odalirika kwambiri. Koma mnofu wa ubongo umene wangomanidwa magazi susintha maonekedwe msanga, pamatha kupita maola ambiri, mwina tsiku, usanayambe kuoneka wakuda pachithunzi. Kuonjezera apo, tsinde lija lazunguliridwa ndi mafupa okhuthala a pansi pa chigaza, amene amasokoneza chezacho n'kusiya mizeremizere pachithunzi, pamalo penipeni pofunika kuona. Bala lake n'laling'ono ngati njere ya mpunga kapena ya nyemba. Ndiye chithunzi chathu chija sichinaname. Chinafunsidwa ngati muli magazi kapena chotupa, chinayankha kuti mulibe, ndipo zinali zoona. Funso loti kodi mtsempha wakumbuyo watsekeka sichikanatha kuliyankha tsiku limenelo. Ife tinamva "sitinapeze kanthu" n'kumasulira kuti "mulibe kanthu".

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'choti matenda a achimwenewa ali ndi dzina, ndipo dzinalo ndi lakale kuposa makina onsewa. Dokotala wa ku Germany, Adolf Wallenberg, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Danzig, anawafotokoza mu 1895, ndipo amatchulidwa ndi dzina lake lomwelo. Anayang'ana wodwala wake mmene anayang'anira mtsikana uja, n'kunena kuti bala lili pakutipakuti m'tsinde la ubongo, ndipo mtsempha wotsekeka ndi wakutiwakuti. Wodwalayo atamwalira patapita zaka, anamupima n'kupeza kuti zinalidi choncho, ndipo anasindikiza zimenezi mu 1901. Chaka cha 1895 ndi chomwecho chimene Wilhelm Röntgen anatulukira ekisire. Sikani ya CT inadzajambula wodwala woyamba mu 1971 ku London, pa makina a Godfrey Hounsfield, amene mu 1979 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg konko kumene kunachokera ndalama yomalizitsira sikani yathu. Kwa zaka 76 madokotala ankawadziwa matendawa ndi maso, pini ndi mafunso basi.

Makina amene amaona bwino kumbuyoku ndi a MRI, chifukwa sagwiritsa ntchito ekisire ndipo mafupa sawatchinga chimodzimodzi. Oyamba m'dziko muno anafika mu 2008 ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kudzera m'kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana amene ankatsogolera ndi Terrie Taylor. Mpaka pano si chinthu choti munthu ungangochipeza pafupi. Ife tinasonkhanso, tinadikira kuti chibayo chitsike, ndipo achimwene anajambulidwa patatha masiku 9 chiyambireni mutu uja. Pachithunzipo panali kadontho kowala, kumanzere, pamalo pamene dokotala uja analoza pa bowa wake. Mtsempha wakumbuyo wa kumanzere unaonekanso wopanikizika. Kadontho kameneko mukanakaphimba ndi nsonga ya chala chaching'ono.

Koma musaganize kuti MRI ndiye mulungu. Mu 2009 Jorge Kattah, David Newman-Toker ndi anzawo ku America anasindikiza zimene anapeza mwa odwala 101 amene anafika ndi chizungulire chosaleka, nseru ndi kudzandira, ali ndi zinthu zowaika pachiopsezo cha sitiroko. Mwa amene anapezeka kuti inalidi sitiroko, MRI yoyamba inaphonya 12 pa 100 aliwonse, ndipo onse ophonyedwawo anajambulidwa asanathe maola 48. Pamene mayeso atatu a maso ochitira pabedi pomwepo, amene amawatcha HINTS, sanaphonye ngakhale mmodzi. Mayesowo ndi kutembenuza mutu wa wodwala mofulumira iye akuyang'ana mphuno ya dokotala, kuona mbali imene maso akunjenjemerera, ndi kuphimba maso mosinthanasinthana kuja. Amafuna munthu wophunzitsidwa bwino, si zoti muyesere kunyumba. Koma safuna magetsi, safuna kusonkha pa WhatsApp. Ine monga mphunzitsi, apa m'pamene ndimaima: m'dziko limene sikani ili kutali ndiponso ndi yodula, luso lotereli likanayenera kufika kwa aliyense wovala gauni yoyera, mpaka pa kachipatala kaja kamene tinayambira.

Ndadzifunsa kambirimbiri kuti chikanasintha n'chiyani akanadziwa Lachinayi lomwelo. Alipo mankhwala osungunula magazi oundana, otchedwa alteplase, amene amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, sikani itatsimikiza kuti mulibe magazi okhuthuka. M'mayiko ena amalowetsanso kachubu mumtsempha n'kukoka chotsekacho, ndipo kafukufuku wa ku China wa mu 2022 anaonetsa kuti njirayi imathandiza ukatsekeka mtsempha waukulu uja wa kutsinde. Kumene tinali ife zonsezi kunalibe, ndipo maola anayi ndi theka anatha tikadali pamzere woyezetsa malungo. Bala lija likanakhalapobe. Koma aspirin akanayamba Lachisanu, sikani itangoonetsa kuti mulibe magazi. Pamenepa ndichenjeze: aspirin si wopatsa munthu kunyumba asanajambulidwe, chifukwa ngati mtsempha waphulika mumangoonjezera moto. Ndipo koposa zonse, wina akanatiuza kuti munthuyu asapatsidwe chilichonse pakamwa mpaka ayezedwe kameza. Chibayo chobwera chifukwa cha chakudya cholowa m'mapapo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha anthu ambiri pambuyo pa sitiroko. Sitiroko ya achimwene siinafune kuwapha. Linafuna kuwapha ndi phala langa.

Anachitanso mwayi wina. Magazi oundana aja akanakwera n'kukatseka mtsempha waukulu uja, nkhani ikanakhala ina. Zinamuchitikira mkonzi wa magazini ya Elle ku France, Jean-Dominique Bauby, mu Disembala 1995: nzeru zonse zili bwino, koma thupi lonse gwa, chongoyenda ndi chikope cha diso lakumanzere. Sitiroko za kumbuyoku zimatha kuyamba ndi chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi mutu, kenako n'kukula patapita maola kapena masiku. Ife masiku amenewo tinali pakhonde kukangana za malo a agogo.

Achimwene anakhala m'chipatala masabata atatu. Anawaika chubu cha m'mphuno chodyetsera, ndipo pa chubu chimenechi panabukanso mkangano wofanana ndi wa madzi a kumsana uja. Ulendo uno ndinakhala chete, alamu ndi amene analankhula: "Amayi, taona kale zimene supuni yachita." Chidikhwidikhwi chinatha patatha masiku 12. Chubu chinachotsedwa patatha mwezi ndi theka, a mafizo atawaphunzitsa kumeza atawerama chibwano ndi kutembenuzira mutu kumanzere, kuyambira ndi zakudya zokhuthala, chifukwa madzi enieni ndi amene amathamanga kwambiri n'kulowa njira yolakwika. Phala lija ndinalisungunula dala poganiza kuti ndikuwathandiza. Kuyenda anayamba ndi kugwira khoma, kenako ndodo, kenako okha, ngakhale kuti mumdima amapendekerabe kumanzere. Mankhwala a BP tsopano amamwa m'mawa uliwonse popanda wowakumbutsa.

Amalume anabwera kudzazonda. Ndinawaonetsa chithunzi chachiwiri, kadontho kaja. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye pamene inagunda hamala m'pamenepa." Sindinayankhe. Galimoto ya kumudzi ija sanaitchulenso.

Pamakwerero achimwene sakweranso. Ali ndi kashedi kuseri kwa nyumba, amapanga zitseko, mipando ndi mabedi, ntchito zapansi. Mawu awo anatsala osasa pang'ono, moti pafoni anthu amawafunsa ngati ali ndi chimfine. Dzanja lamanja lili ndi mphamvu zonse, limagwira hamala ngati kale, koma kutentha silimva. Chaka chatha anagwira chitsulo chochokera kwa owotcherera, anadziwira pa fungo.

Lamulungu lapitali tinadya limodzi, amayi aliponso. Alamu anabweretsa nsima yochoka pamoto kumene, nthunzi ili tolotolo. Achimwene anasamba m'manja, anatambasula dzanja lamanzere n'kukhudza mtanda ndi kuseri kwa zala, anadikira pang'ono, anakhudzanso. Amayi, amene anatikwapula tonse tili ana chifukwa chogwira nsima ndi dzanja lamanzere, anaona. Anangokankhira mbale ya ndiwo pafupi ndi mwana wawo n'kunena kuti, "Idikireni kaye, ikadali yamoto."